Tikiti ya lotale ndi mjigo wa kwathu

Nyengo ya manachesi ikafika kuno kwa Inkosi Kanduku, ndalama zimaoneka m'manja mwa achinyamata. Sabata yatha mphwanga wina atagulitsa madengu ake atatu pamsewu wopita ku Zobue, ndinamupeza wawerama pafoni, akubetcha. Nditamudzudzula anandiyankha mosatekeseka: "Amalume, ngakhale ndiluze, ndalamazo zimakathera ku boma, n'kubwerera kwa ife ngati chitukuko."

Sindinamuyankhe pomwepo, chifukwa m'mawu akewo muli kachoonadi pang'ono. Tiyeni tikafufuze limodzi.

M'maiko ena muli lotale ya dziko, yomwe lamulo limalamula kuti gawo la ndalama zake lipite ku ntchito zothandiza anthu. Ku Britain inayamba mu 1994. Ndalama za matikiti amazigawa motere: pafupifupi theka limabwerera kwa opambana, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi limapita ku masewera, zachikhalidwe ndi mabungwe achifundo, ndipo zotsala ndi msonkho, phindu la ogulitsa matikiti ndi la kampani yoyendetsa lotaleyo. Ena mwa makobidi amene anakonzera mpikisano wa Olympics ku London mu 2012 anachokera m'thumba limeneli.

Abale athu okhala ku Joni amaidziwa bwino Lotto, yomwe inayamba mu 2000. Komatu kumeneko taphunzirako phunziro lowawa. Kuyambira mu 2020 ofufuza a boma akhala akulondola ndalama za National Lotteries Commission zomwe zinatuluka m'dzina la nyumba zosungira okalamba ndi ntchito zina zachifundo, koma zinakathera kugula nyumba zapamwamba za anthu ochepa. Thumba likakhala lalikulu, makoswe sachedwa kulinunkhiza.

Kwathu kuno, lamulo la mu 2022 linaphatikiza mabungwe awiri, Malawi Gaming Board ndi National Lotteries Board, kukhala bungwe limodzi la MAGLA, lomwe limapereka ziphaso ndi kuyang'anira masewera onse amwayi. Koma kubetcha mpira ndi kandege komwe kwatenga mitima ya ana athu si lotale ya dziko ayi. Ndi bizinesi ya makampani, ndipo boma limangotolerapo msonkho ndi ndalama za ziphaso. Phindu lenileni limatsala kwa eni ake.

Nanga mwayi wopambana ndi wotani? Pa lotale yosankha manambala 6 mwa 49, mwayi wotenga mphoto yaikulu ndi umodzi pa 13,983,816. Mutamagula tikiti imodzi sabata iliyonse, mungafunike zaka zoposa 260,000 kuti muyese manambala onse. Masewerawa anawakonza kuti ambiri aluze, apo ayi sipakanakhala chogawana.

Choncho mphwanga akunena zoona kuti kakhobidi kena kamafika ku boma. Funso ndi lakuti: pa K5,000 yomwe waluza, ndi zingati zibwerere kwa Kanduku? Ndipo amene akulipira ndani? Kawirikawiri ndi wakabaza, wogulitsa manachesi, mnyamata wosowa ntchito. Msonkho wotere umaluma wosauka kuposa wolemera.

Ndili ndi mapempho awiri. Kwa a MAGLA: chaka chilichonse tiuzeni m'Chichewa, pawailesi ndi m'nyuzipepala, ndalama zomwe mwatolera ndi komwe zagwira ntchito, boma ndi boma, kuti ife a ku Mwanza tiloze ndi chala. Ndiponso lamulo loletsa ana osakwana zaka 18 kubetcha lisathere papepala.

Kwa mphwanga ndi anzake: ngati mukufunadi chitukuko, njira yachidule ilipo. Anthu 40 ataponya K5,000 aliyense, ndi K200,000 yomwe ingagule zipangizo zokonzera mjigo wa m'mudzi, osadikira manambala. Ku banki m'khonde amayi anu amadziwa tsiku logawana, ndipo palibe wobwerako chimanjamanja. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Madengu atatu aja sabwereranso. Mitengo ikadali ndi zipatso, tione kuti achinayi apita kuti.