FONI YANU NDI NYUMBA YANU, VOTI YANU NDI CINSINSI CANU

Abale ndi alongo a ku Ntengo-Wambalame, Tsangano yense ndi Macanga,

Masankho akamayandikira, m'midzi mwathu mumamveka mau oopseza. Ena amati: "Cenjerani, boma limamva zonse zimene mumalankhula pa foni. Ngakhale amene mwamuvotera, makina adzatiuza." Ena amayenda khomo ndi khomo kulemba manambala a foni ndi a makartau ovotera. Umenewu ndi msampha. Afuna kuti mukavote ndi mantha, osati ndi mtima wanu.

KODI LAMULO LIKUTI CIYANI?

Malamulo Aakulu a dziko la Moçambique (Constituição) a caka ca 2004 ali pamwamba pa mfumu, pa polisi, pa cipani ndi pa Pulezidenti yemwe.

Ndime 41 imateteza mbiri yanu ndi moyo wanu wamseri.

Ndime 68 imaletsa kulowerera nyumba yanu, makalata anu ndi njira zina zolankhulirana mwamseri, kupatula pamene lamulo lalola. Foni ili m'gulu limeneli.

Ndime 71 imaletsa kusunga mu kompyuta dzina la munthu pamodzi ndi cipani cake, cipembedzo cake kapena maganizo ake pa ndale.

Ndime 73 imati voti ndi yacinsinsi. Pa pepala lovotera palibe dzina lanu, ndipo mukalipinda ndi kuliponya m'bokosi limasakanikirana ndi a anzanu.

KODI BOMA SILINGAMVETSERE FONI YA MUNTHU?

Lingathe, koma pali malire. Lamulo la kazengedwe ka milandu, nambala 25/2019, limalola kumvetsera foni pofufuza milandu imene lamulolo latchula, ndipo payenera kukhala cilolezo ca woweruza milandu wa ku khoti. Mkulu wa polisi payekha sangalamule. Mkulu wa boma pa distrito sangalamule. Mlembi wa cipani ndiye alibiretu mphamvu. Ndipo kukonda cipani cina si mlandu.

Ena adzakuuzani kuti wosalakwa saopa kumvetseredwa. Afunseni: kodi bafa timalimangira mpanda cifukwa cakuti m'katimo timabamo? Ayi, timamanga cifukwa ca ulemu. Mayi wokamba za matenda ake, bambo wokambirana mtengo wa mbatata ndi wogula wa ku Tete, mnyamata wotumiza ndalama kucokera ku Joni, onsewa sanalakwe, koma nkhani zao si za pabwalo.

CIFUKWA CIYANI TISAGONE?

Mu Setembala 2010, anthu a ku Maputo atakwiya ndi kukwera mtengo kwa buledi, mauthenga a SMS anatsekedwa kwa masiku, ndipo pambuyo pake boma linalamula kuti SIM iliyonse ilembetsedwe. Lero nambala yanu ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel ili ndi dzina lanu. Mu 2024, atatha masankho a pa 9 Okutobala, intaneti ya m'mafoni inadulidwa kangapo. Izi zitiphunzitsa kuti dzanja la olamulira limafika pa foni. Cimene cimaliletsa ndi lamulo, ndipo lamulo limene eni ake salidziwa lili ngati mpanda wodyedwa ndi ciswe.

Inu amene mumaoloka pa Biriwiri ndi SIM ya ku Malawi, dziwani kuti nakonso ndime 21 ya malamulo ao aakulu imateteza zolankhulana zamseri.

TICITE CIYANI?

1. Kartau yovotera ndi yanu. Musapereke kwa munthu woti akakusungireni kapena kulemba nambala yake, ngakhale akulonjezeni feteleza.

2. Musajambule pepala lanu lovotera kuti mukaonetse wina.

3. Wofuna kusanthula foni yanu, mufunseni mwaulemu kalata yomuloleza ndi dzina lake.

4. Mukaopsezedwa, pitani ndi mboni ku Procuradoria ya pa distrito kapena ku IPAJ, kumene osauka amathandizidwa pa milandu mosalipira. Ndime 79 imakupatsani ufulu wodandaula.

5. Wopempha voti yanu, wa cipani ciliconse, mufunseni poyera: "Kodi mudzateteza ndime 68?"

Cala cimodzi siciswa nsabwe. Werengerani kapepala aka agogo ndi anansi amene satha kuwerenga.

M'malo ovotera muli nokha. Votani mopanda mantha!