Tisingano ta ku China ndi Mphini Zathu



Pamsonkhano wa gulu lathu sabata yatha, mayi wina anationetsa mphini zatsopano padzanja. Anati akatandala kochapa, usiku zala zimachita dzanzi ndi kuwawa, nchifukwa chake anakatemetsa. Mnzathu wina anamuikira kumbuyo nati, "Nanga si a ku China nawonso amabaya odwala ndi singano?" Tiyeni tilione bwino funso limeneli.

Nzoona, a ku China anayamba kalekale kubaya tisingano topyapyala ngati tsitsi m'malo osankhika a thupi pofuna kuziziritsa ululu. Pachingerezi njirayi amati acupuncture. Tisinganoto sapakapo mankhwala. Nanga ululu umachepa bwanji?

Dziwani, amayi, kuti ngakhale chowawa chili padzanja, womva ululuwo ndi ubongo, umene umalandira uthenga kudzera m'mitsempha. Masiku ano alipo makina ojambula ubongo wa munthu wamoyo, otchedwa MRI. Ku chipatala chathu cha Gulupu anafika m'chaka cha 2008, ndipo anathandiza madokotala kuona kuti malungo aakulu amapha ana potupitsa ubongo.

Ndi makina a mtundu umenewu, Vitaly Napadow ndi anzake a ku Boston, m'dziko la America, anapima anthu 80 odwala dzanzi la m'zala lobwera mtsempha ukapanikizika polumikizira dzanja ndi mkono. Anawagawa patatu. Ena anawabaya padzanja lodwalalo, ena chakukakolo, koma otsalawo anangowanamiza ndi tisingano tosalowa m'thupi. Anatero kwa milungu 8. Zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2017: magulu onse atatu anati akupezako bwino, ngakhale onamizidwa aja. Koma kwa obayidwa zenizeni okha ndi kumene mtsempha unayamba kuyendetsa bwino uthenga, ndipo chithunzi chinaonetsa kusintha m'chigawo cha ubongo chimene chimamva zala.

Phunziro lagona pa onamizidwawo. Thupi lili ndi mankhwala akeake oziziritsa ululu, amene akatswiri a ku Aberdeen, ku Scotland, anawatulukira m'chaka cha 1975. Munthu akakhulupirira kuti wathandizidwa, ubongo umatha kutulutsa mankhwalawo, ululu nkuchepa. Choncho wotemedwa mphini akanena kuti wapezako bwino sakunama ayi. Koma kupezako bwino nkwina, kuchira nkwinanso.

Kusiyana kwina nkuku: dokotala wodziwa ntchito yake amatsegula tisingano tatsopano pamaso panu, akatha nkutitaya. Lezala lotemera mphini likayenda pa anthu angapo limanyamula HIV ndi matenda a chiwindi, ndipo chilonda chopakidwa phulusa ndi mizu chingathe kuitana kafumbata.

Ululu ndi mthenga, amayi. Dzanzi la m'manja limabwera ndi ntchito yolemetsa, koma nthawi zina limabwera ndi pakati kapena matenda a shuga. Mukamtseka pakamwa mthengayo musanamve chimene wadzera, nthenda imakula mwakachetechete. Safunsa anadya phula. Yambani mwapita kuchipatala akakupimeni magazi, ndipo musalole kuti lezala lotemera wina likhudze thupi lanu kapena la mwana wanu.

Mnzathu wa mphini uja tagwirizana kumperekeza kuchipatala Lolemba m'mawa. Zovala zake tsikulo tichapa ndife.

Tsalani bwino, tidzachezanso sabata yamawa.