Za Nyenyezi ndi Maina a Mafayilo

Mlembi aliyense wa ku Furancungo kapena ku Ntengo-wa-Mbalame amene anayesapo kusunga kaundula wa alimi a fodya kapena a mbatatesi m'kompyuta, nafuna kuutcha dzina la tsiku monga tizolowera kulemba, 25/06/2024, adziwa kuti makinawo akana kwamtuwagalu. Pakuti zilipo zizindikiro 9, ndizo \ / : * ? " < > |, zimene Windows anazipatula kuti zisalowe m'dzina, popeza zili ndi ntchito yawoyawo. Chizindikiro cha funso chiimira chilembo chimodzi, pamene nyenyezi (*) iimira zilembo zilizonse, zochuluka kapena zochepa, kotero kuti wolemba FODYA* aitana mafayilo onse oyamba ndi liwulo, nabwera onse pamodzi.

Masiku a MS-DOS, amene anatuluka mu 1981, dzina silinkapitirira zilembo 8, kuonjezapo 3 za mtundu wa fayilo. Tsangano, mwa mwayi wake, akadalowa ndendende, Macanga nkutsalako malo. Koma Chidzolomondo, ndi zilembo zake 13, akadadulidwa mchira. Windows 95 anatambasula malire kufikira zilembo 255, ndipo ambiri ayesa kuti zakalezo zinapita. Sizinapite ayi. Pa fulashi ya FAT32, yonga zimene aphunzitsi athu anyamula m'thumba popita kukasindikiza mayeso, fayilo ya dzina lalitali ikhala ndi dzina lachiwiri lobisika, longa CHIDZO~1.DOC, ngakhale mwini wake anaitcha Chidzolomondo.docx.

Apa mpamene pagona tsoka, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Munthu wofuna kuchotsa makalata akale, akalemba del *.doc pa kawindo kakuda kolembapo malamulo, nyenyezi siyang'ana dzina limene iye aliona lokha, koma ndi lobisikalo lomwe. Chotero mafayilo a .docx, amene anadza ndi Office 2007, asesedwa pamodzi ndi akalewo, monga tirigu wozulidwa pamodzi ndi namsongole, ndipo sadutsira m'bini momwe akadatoledwanso.

Ine sindiiimba mlandu nyenyeziyo, pakuti ichita chimene yauzidwa. Amene ndiwadandaula ndi iwo ophunzitsa ana athu kompyuta osatchula konse za dzina lachiwirili. Asanalembe del, mlembi ayambe walemba dir ndi nyenyezi yomweyo, awerenge maina onse otuluka, limodzi limodzi. Ndipo tsiku alilembe 2024-06-25, limene makina alilandira, naika makaundula m'ndondomeko ya zaka ndi miyezi.