Lekani kuponya nthawi mu long

Ife amene tiphunzila C tili ndi cizolowezi coipa: pulogilamu ikayenda pa laputopu yathu, basi tati nchito yatha. Pa nkhani ya nthawi, cizolowezi ici cidzatilumitsa.

Makina a Linux sadziwa kuti lelo ndi Cisanu. Amangowelenga masekondi kucokela pa 1 January 1970, pakati pa usiku nthawi ya UTC, ndipo nambala imeneyo imakhala mu time_t. Manje time_t ndi yaikulu bwanji? Malamulo a C sanena. Anasiyila wopanga sisitemu aliyense kuti asankhe yekha. Koma ife timalemba long t = time(NULL), kenako printf ndi %ld, monga kuti dziko lonse linagwilizana kale. Pa Linux ya 64-bit, long ili ndi mabiti 64, ndiye cinthu cioneka bwino. Nyamulani pulogilamu yomweyo mupite nayo pa Windows ya 64-bit: long kumeneko ili ndi mabiti 32 cabe. Nambala idzadulidwa, ndipo mwina palibe adzakuuzani.

Mabiti 32 amene asunganso manambala a pansi pa zilo amathela pa 2,147,483,647. Masekondi adzafika pamenepo pa 19 January 2038, nthawi ya 03:14:07 UTC. Kuno ku Lusaka idzakhala 05:14 m'mawa, mabasi akudzaza anthu opita kutauni. Sekondi yotsatila, makinawo adzayesa kuti ndi 13 December 1901.

Tamva kale yankho: "2038 ni kutali, tidzakhala tinagula zatsopano." Ndani? Kuno cipangizo sicitaidwa. Rauta kapena kakompyuta kamene ena anatopa nako kamafika kwathu ngati salaula, kakafa timapita nako kwa okonza, kamaukanso. Zimene tilemba lelo pa tumabodi twa 32-bit zidzakhala zikali pa khoma la shopu 2038 ikafika. Ndipo vuto siliyembekezela tsikulo. Nkhongole ya zaka 15 yotengedwa caka cino ithela kutsogolo kwa 2038. Pulogilamu yowelengela tsiku lomaliza kulipila ingalakwitse lelo lomwe.

Cimene citikwiyitsa kwambili ndi awa amene amatenga struct yonse, time_t ili momwemo, nkuitaya mu faelo ndi fwrite kapena kuitumiza pa netiweki mmene ilili. Makina ena adzawelenga mabaiti anayi pamene munalemba asanu ndi atatu. Ena adzayambila ku mbali ina, cifukwa si onse amaika baiti yaikulu patsogolo. Windows nayo ili ndi FILETIME, imene imawelenga tuzidutswa twa mananosekondi 100 kucokela mu 1601. Uku nkupatsa munthu ndalama osamuuza ngati ndi kwacha kapena dola.

Akuluakulu anacita mbali yawo. OpenBSD inasamukila ku time_t ya mabiti 64 mu 2014. Linux 5.6, mu 2020, inatsegula njila pa makina a 32-bit, ndipo glibc 2.34 inabweletsa _TIME_BITS=64 mu 2021. Catsala ndi ulesi wathu. Mkati mwa pulogilamu, siyani time_t ikhale time_t. Posindikiza, isandutseni intmax_t mugwilitse %jd. Polemba mu faelo, ikani mu int64_t, sankhani dongosolo limodzi la mabaiti, sungani UTC, ndipo maola awili a ku Zambia muonjezele pa sikilini cabe. Mukatsiliza, kankhani wochi ya makina oyeselapo ifike pa 20 January 2038, muyatse pulogilamu yanu.