Chingerezi cha M'kalasi, Gawo 4: Asodzi Onse Kapena Asodzi Aja?

Mwana wa ku Senga Bay akati "asodzi amalawirira m'bandakucha", aliyense amamva kuti akunena za asodzi ponseponse. Akafuna kupatula ena amangowonjezera kuti "asodzi aja". Chichewa chilibe timawu tonga "a" ndi "the", ndipo n'chifukwa chake ophunzira ambiri, pofuna kuti chiganizo chimveke chachizungu, amangomwaza "the" paliponse ngati mchere. Chizolowezi chimenechi chimasintha tanthauzo la zimene alemba.

Chitsanzo chili pafupi. Pa chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa chaka ndi chaka m'nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950. Wophunzira akalemba kuti "The fishermen leave the island in the rainy season" walondola, pakuti akunena za gulu lodziwika la pa Mbenji. Koma akafuna kunena kuti msodzi aliyense amasowa ukonde, ayenera kulemba kuti "Fishermen need nets", popanda "the". Akamuikapo, wowerenga adzafunsa kuti asodzi ake ndi ati.

Njira zonenera chinthu cha mtundu wonse zilipo zitatu. Yoyamba ndi ya zambiri, monga "Canoes are made from trees". Yachiwiri imatenga chimodzi kuti chiimire zinzake: "A canoe is made from a tree". Yachitatu, yonga "The fish eagle eats fish" ponena za nkhwazi, imapezeka kwambiri m'mabuku a sayansi. Aphunzitsi angachite bwino kukhazikika pa njira yoyamba kufikira itazika mizu, chifukwa ndiyo imene sikawirikawiri kugwetsa munthu. Kuphunzitsa zitatu zonse tsiku limodzi kumangobalalitsa ana.

Msampha wina uli m'Chichewa momwe. Mawu akuti madzi, mafuta ndi malasha amamveka ngati a zambiri, motero mwana amalemba "waters are" m'malo mwa "water is". Komanso "fish" amafanana ndi nsomba kapena chambo: imodzi ndi "fish", dengu lodzaza ndi "fish" yemweyo, ndipo "fishes" amasungidwira ponena za mitundu yosiyanasiyana. Mphunzitsi amene amaika zilankhulo ziwirizi pambalipambali pa bolodi amathandiza kuposa woloweza ana malamulo.

Ena adzati izi n'zazing'ono, bola uthenga wamveka. Koma kuyambira 1968, pamene Chichewa ndi Chingerezi zinasankhidwa kukhala zilankhulo za boma, Chingerezi ndicho chakhala chipata cha maphunziro, ndipo wolephera phunziroli salandira setifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza masamu ndi ulimi. Kalata yofunsira ntchito nayo imaweruzidwa ndi timawu tomweti. Gawo lotsatira lidzafotokoza za mayina a malo, ndi chifukwa chake "the" amakana kutsogolera "Lake Malawi" koma amavomera pa "the Shire River".