ZA KUMUNDA NDI KUMUDZI: Chenjerani ndi Olemba Ntchito Onyenga

Alimi anzanga a ku Mulanje, sabata ino sindinena za mbozi za m'chimanga ayi. Kuli mbozi ina ya miyendo iwiri imene imatha mbuzi ndi nandolo wa m'nyumba mwanu.

Munthuyo amafika pa msika wa Limbuli kapena pa Chitakale atavala bwino, pena amangoimba lamya. Ati kuli ntchito ku esiteti ya tiyi, ku Joni kapena kutsidya kwa nyanja, koma muyambe mwatumiza ndalama "ya fomu" pa lamya, lero lomwe, malo angathe. Inu mugulitsa mbuzi ndi kutumiza. Kukacha, nambala ija siipezekanso.

Funsani akulu amene anapita ku Wenela. Ntchito ya m'migodi inali yowawa ndithu, ndipo mu 1974 ndege inagwa ku Francistown nipha anthu athu oposa 70. Komabe Wenela inali ndi ofesi yodziwika, dokotala ankapima munthu, pangano linkalembedwa, ndipo ulendo inkakonza ndi kampani. Nanga uyu wofuna mbuzi yanu musanagwire ndi khasu lomwe, ofesi yake ili kuti?

Kutaya mbuzi nkwapafupi. Amayi athu ena anawalonjeza ntchito zabwino kunja, nakapezeka ku Oman akugwira ntchito za m'nyumba usana ndi usiku, mapasipoti atawalanda. Pofika 2024 amayi 54 anali atabwezedwa kuno, Boma litataya ndalama zambiri. Kwathu kuno aliponso otenga anyamata kuwolotsa pa Muloza kukalima minda ya ku Mozambique, atawalonjeza njinga. Makolo ena amavomera chifukwa cha njala, makamaka chichokere namondwe wa Freddy wa mu 2023. Njalayo ndikuidziwa, koma mwanayo mudzakamfuna kwa yani?

Tsono wina akabwera, mfunseni dzina la kampani ndi kumene ili. Ngati ndi esiteti, kwerani njinga mukafunse nokha ku ofesi yake. Ngati ndi ntchito ya kunja, pitani ku ofesi ya Leba pa Boma musanapereke kanthu, ndipo chitupa chanu musachisiye m'manja mwa munthu. Akakufulumizitsani kapena kunena kuti musauze wina, uzani amfumu ndi apolisi. Lamulo la mu 2015 likuti wozembetsa munthu akhoza kumangidwa zaka 14, ndipo wozembetsa mwana zaka 21.

Sabata ya mawa tidzanena za kubandira chimanga.