Petulo wa Galimoto Zakale pa Nachisaka

Pa Nachisaka, kumene zitunda za Dowa zimakumana ndi za Ntchisi, galimoto zambiri zonyamula chimanga, fodya ndi anthu ndi nkhalamba. Eni ake ena, makamaka amene anakhalako ku Johannesburg, amalimbikira kunena kuti injini yokalamba imafuna petulo wapamwamba, ndi kuti petulo wa kuno ndiye akuzipha. Wokhulupirira zimenezi amataya ndalama pogula timabotolo ta mankhwala othira m'thanki, nthenda yeniyeni osaiona.

Ku South Africa petulo alipodi wa mitundu iŵiri, wa 93 ndi wa 95. Nambala imeneyi, yotchedwa okiteni, siyeza ukhondo kapena nyonga ya mafuta ayi. Imangosonyeza m'mene petulo amapiririra pofinyidwa mu injini, osaphulika nthaŵi yake isanakwane. Injini zambiri zakale, monga za Land Rover ndi Datsun, sizifinya kwambiri, choncho nambala yokwera siziwonjezera kanthu. Komanso kumalo okwera mpweya umapepuka, ndipo injini imakhutira ndi okiteni wochepa. N'chifukwa chake wa 93 amagulitsidwa ku Johannesburg, pamene kunyanja ku Durban amathira wa 95. Tsono Dowa ndi Ntchisi nakonso n'kumtunda.

Kuno ku Malaŵi funsoli lilibe potera, popeza pampu ili yonse imatulutsa petulo wa mtundu umodzi, pa mtengo umene bungwe la MERA limalengeza. Petuloyo amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ntchito imene inayambira ku Dwangwa m'chaka cha 1982. Ethanol amakweza okiteni, koma amadya mapaipi akale a labala, ndiponso amakoka chinyontho m'thanki ya galimoto yongokhala dzinja lonse. Mtovu umene unkateteza mavavu a injini zakale unachotsedwa mu petulo pofika 2006, ndipo pamenepa pokha ndi pamene mankhwala othira angathandize.

Choopsa chachikulu chili m'zigubu. Pampu ikakhala kutali, kapena mafuta akasoŵa monga zinalili mu 2011 ndi 2012, woyendetsa amagula kwa ogulitsa a m'mbali mwa msewu, ndipo ena mwa iwo amathiramo parafini kuti mafuta achuluke. Parafiniyo ndiye amagwetsa okiteni. Galimoto ikamakwera chitunda itasenza mabelo a fodya, injini imalira ngati misomali m'chitini, imatentha, mpaka mapisitoni kubooka. Ikafera panjira, mlimi amaphonya tsiku lake ku okushoni ya ku Kanengo, ngongole ya feteleza ikumudikira kunyumba.